Makina akufuna kuphunzira pa matenda anu: kodi mbiri yanu iyenera kuchoka pachipatala?

Ngati munapitapo ku chipatala chachikulu cha boma kapena kuchipinda cholandirira ma ARV, ndondomeko yake mukuidziwa. Kalaliki amakufunsani dzina, mudzi, mfumu ndi chaka chobadwa, n'kumadinadina pagalasi la kompyuta, kenaka amamata kapepala ka mizeremizere pa kabuku kanu ka kuchipatala. Inu mumatenga kabukuko n'kukakhala pamzere wa dokotala. Koma zomwe zalowa m'kompyuta zija zimatsala komweko, ndipo ulendo uliwonse zimawonjezereka: sikelo yanu, zotsatira za magazi, mankhwala omwe munalandira, ngakhale mwezi womwe munajomba.

Zaka 20 zapitazo zimenezi zinali nkhani ya akalaliki ndi olemba malipoti basi. Lero ndi chuma chomwe maboma ndi makampani akuchiyang'ana ndi maso awiri. Mu Disembala 2025 dziko la Kenya linasainirana ndi dziko la America mgwirizano wa thandizo la zaumoyo, ndipo sipanathe masiku ambiri khoti lalikulu la ku Kenya linalamula kuti gawo lokhudza kugawana uthenga wa odwala liyambe laima, anthu ena atakadandaula kuti zinsinsi zawo zili pachiopsezo. Funso lomwe linafika kukhotiko ndi lathunso: mbiri ya matenda a munthu ndi ya ndani, ndipo ingapite kuti?

Pali njira ina yomwe akatswiri a makompyuta akhala akuyesa, yomwe imati makina akhoza kuphunzira kuchokera ku mbiri ya odwala popanda mbiriyo kutuluka pakhomo la chipatala. Pa Chingerezi amaitcha federated learning. Ngati foni yanu ndi ya Android, n'kutheka kuti njirayi ili kale m'thumba mwanu.

Chifukwa chomwe mbiri yanu ikufunidwa

Pulogalamu ya AI yowerenga chithunzi cha X-ray sibadwa ikudziwa chifuwa chachikulu. Imaonetsedwa zithunzi zikwizikwi, china n'kuuzidwa kuti ichi ndi cha wodwala TB, china ichi ndi cha munthu wabwinobwino, mpaka izolowere kusiyanitsa. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere agwiritsidwe ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo kuno kwathu ofufuza anayesapo kale luso limeneli pachipatala cha Bangwe mu mzinda wa Blantyre. M'dziko lomwe madokotala odziwa kuwerenga zithunzi ndi owerengeka, phindu lake silofunika kulifotokoza kwambiri.

Vuto ndi lakuti makina amadziwa zomwe anaona basi. Chipangizo chomwe chinayesedwa pa anthu a mtundu umodzi chimatha kunama chikafika pa anthu ena. Chitsanzo chodziwika ndi kachipangizo kopana chala kaja, koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi. Mu Disembala 2020 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti kachipangizoka kamalephera kuonetsa kuchepa koopsa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Kachipangizoka si AI ayi, koma phunziro lake ndi lomwelo. Chifuwa cha mayi wa ku Nsanje yemwe waphikira nkhuni moyo wake wonse, kapena cha bambo yemwe ali ndi HIV ndi TB nthawi imodzi, sichioneka chimodzimodzi ndi cha wodwala wa ku Boston. Pulogalamu yomwe sinaonepo zifuwa zathu idzatilakwitsa kawirikawiri.

Ndiye kubisa mbiri yathu yonse sikutithandiza. Koma kuipereka yonse nakonso kuli ndi mabala ake, ndipo ena tinawamva tokha.

Ku London, chipatala cha Royal Free chinapereka mbiri ya odwala pafupifupi 1.6 miliyoni ku kampani ya DeepMind, ya gulu la Google, kuti ipange pulogalamu yochenjeza za matenda a impso. Mu 2017 bungwe loona za chitetezo cha uthenga wa anthu ku Britain linagamula kuti chipatalacho sichinatsate lamulo, chifukwa odwala sanauzidwe mokwanira. Kuno kumudzi mukukumbukira za mapasipoti kumayambiriro kwa 2024, pamene mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Chilichonse chikaunjikidwa m'nkhokwe imodzi, wakuba amangofunika kuthyola khomo limodzi.

Palinso bala la Omicron. Mu Novembala 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa anaulula mwachangu za mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19. Malipiro ake anali kutsekeredwa zipata: America ndi Britain analetsa maulendo ochokera m'maiko a kumwera kwa Africa, Malawi ali pomwepo. Pangano la miliri lomwe maiko a mu WHO anavomereza mu Meyi 2025 linasiya nkhani yovutayi, ya yemwe apereke uthenga wa tizilombo ndi zomwe alandire pobweza, kuti ikambidwebe payokha. N'chifukwa chake nduna za zaumoyo za mu Africa zikamva mawu oti kugawana uthenga zimayamba zakanda mutu.

Zomwe foni yanu imachita usiku

Dzina la federated learning linachokera kwa ofufuza a ku Google, motsogozedwa ndi Brendan McMahan, mu 2016. Chaka chotsatira kampaniyi inalengeza kuti ikuyesa njirayi pa Gboard, kiyibodi yomwe mumalembera mauthenga pa mafoni a Android. Cholinga chinali choti kiyibodi izitha kulosera bwino zomwe mukufuna, popanda zolemba zanu kutumizidwa ku Google kukaphunzitsira makina. Kuphunzirako kumachitikira m'foni momwemo, pa nthawi yomwe foni ili pa chaja, sikugwiritsidwa ntchito ndipo yalumikizidwa ku Wi-Fi. Chomwe chimatuluka m'foni si mawu anu, koma manambala osonyeza momwe pulogalamu yasinthira itaona mawu anu.

Apa m'pofunika kumvetsa kuti makina akamati aphunzira, chimachitika n'chiyani. M'kati mwa pulogalamu muli manambala ambirimbiri, nthawi zina mamiliyoni. Aganizireni ngati timabatani ta wailesi yakale tomwe mumapotokola pofuna siteshoni. Pulogalamu ikaona chithunzi n'kuyankha molakwa, timabatani tonse timasunthidwa pang'ono kulowera komwe kukanapereka yankho lolondola. Zikabwerezedwa kambirimbiri, phokoso limatha ndipo siteshoni imamveka. Nzeru zonse za pulogalamuyo ndi malo omwe timabatani taima. Zithunzi zenizenizo sizifunikanso kukhala m'katimo.

Tsopano tiyerekeze kuti zipatala zinayi zazikulu za boma, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central, zagwirizana kuphunzitsa pulogalamu imodzi yowerenga X-ray. Ichi n'chiyerekezo chabe, sikuti zikuchitika. Njira yakale ikanakhala kukopera zithunzi zonse n'kuzipititsa ku kompyuta imodzi, mwina kunja kwa dziko. Njira yatsopano imatembenuza ulendowo. Kompyuta yapakati imatumiza pulogalamu yosaphunzira ku chipatala chilichonse. Ku Mzuzu imaphunzira pa zithunzi za ku Mzuzu, ku Zomba pa za ku Zomba. Chipatala chilichonse chimabweza malo omwe timabatani taima. Kompyuta yapakati imaphatikiza mayankho anayiwo n'kupeza apakatikati, n'kutumizanso pulogalamu yosinthidwayo kuti ikaphunzire ulendo wachiwiri. Zimazungulira choncho maulendo makumi kapena mazana. Pamapeto pulogalamu imakhala ngati yaona odwala a zigawo zonse zitatu, chonsecho palibe chithunzi chomwe chakwera basi.

Zili ngati sing'anga wophunzira ntchito yemwe amayenda chipatala ndi chipatala. Mafayilo amawerengera pomwepo ndipo satuluka nawo. Chomwe amanyamula ndi luso lomwe lalowa m'mutu.

Kodi zinagwirapo ntchito pa odwala enieni?

Inde, ndipo umboni waukulu unabwera nthawi ya Covid-19. Zipatala ndi malo ofufuzira 20 a ku America, Canada, Brazil, Britain, Thailand, Japan, South Korea ndi Taiwan anagwirizana, motsogozedwa ndi Mass General Brigham ndi kampani ya NVIDIA, kupanga pulogalamu yotchedwa EXAM. Ntchito yake inali kulosera ngati wodwala yemwe wangofika adzafune mpweya wa okosijeni wochuluka bwanji m'maola 24 ndi 72 otsatira, poona X-ray, zotsatira za magazi ndi zizindikiro monga kugunda kwa mtima. Inaphunzira pa odwala oposa 16,000. Zotsatira zomwe zinatuluka m'magazini ya Nature Medicine mu 2021 zinaonetsa kuti pulogalamu yophunzira limodziyi inachita bwino ndi 16 peresenti poyerekeza ndi mapulogalamu omwe chipatala chilichonse chinaphunzitsa pachokha, ndipo inkagwirabe bwino ntchito ikaperekedwa ku chipatala china. Aliyense yemwe akukumbukira kusowa kwa masilinda a mpweya mu Januwale 2021 akudziwa kufunika kodziwiratu wodwala yemwe afune mpweya mawa.

Taonaninso mndandanda wa maikowo. Mulibe la mu Africa.

Mu 2022 kafukufuku wina wotsogozedwa ndi University of Pennsylvania ndi kampani ya Intel analumikiza malo 71 m'makontinenti asanu ndi limodzi, pa odwala 6,314 a khansa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma. Khansayi ndi yosowa, moti palibe chipatala chimodzi chomwe chili ndi odwala okwanira kuphunzitsira makina. Pulogalamu yophunzira limodzi inatha kulemba malire a chotupa chomwe dokotala angachotse molondola ndi 33 peresenti kuposa yomwe inaphunzira pa zithunzi zochepa zopezeka poyera. Ngakhale makampani opanga mankhwala, omwe amabisirana chilichonse, anayesa: khumi mwa iwo anachita nawo ntchito ya ku Ulaya yotchedwa MELLODDY kuyambira 2019 mpaka 2022, aliyense atasunga zinsinsi zake.

Popanda mkulu wa pakati

Mwina mwaona kale chofooka. Kompyuta yapakati ija ili m'manja mwa wina wake. Ikazima, ntchito yaima. Mwini wake akafuna kuchita chinyengo, ali ndi mpata.

Akatswiri a masamu anayamba kulingalira za vutoli kale kwambiri, AI isanatchuke. Mu 1974 Morris DeGroot analemba za momwe gulu la anthu lingafikire pa ganizo limodzi ngati aliyense amasintha ganizo lake pomvera anzake, ndipo mu 1984 John Tsitsiklis wa ku MIT anaonetsa momwe makompyuta ambiri angathetsere vuto limodzi popanda wowalamula. Njira imodzi yotere anaipatsa dzina loseketsa, gossip, kutanthauza miseche, chifukwa aliyense amangolankhula ndi woyandikana naye ndipo nkhani imafika mudzi wonse.

Nachi chitsanzo cha manambala ongopeka. Zipatala zing'onozing'ono zinayi zili mumsewu umodzi, ndipo chilichonse chimatha kulankhula ndi choyandikana nacho chokha. Sabata ino choyamba chalandira odwala kutsegula m'mimba 40, chachiwiri 8, chachitatu 20, chachinayi 12. Choyamba ndi chachiwiri ziphatikiza manambala awo n'kugawa pakati, chilichonse chisunga 24. Chachitatu ndi chachinayi zichita chimodzimodzi, chilichonse 16. Kenaka chachiwiri ndi chachitatu zikumana, 24 ndi 16, chilichonse chisunga 20. Tsopano manambala ali 24, 20, 20, 16. Mukabwereza apita pa 22, 20, 20, 18, ndipo mukapitiriza onse ayandikira 20. Werengani nokha: 40, 8, 20 ndi 12 akwana 80, kugawa panayi ndi 20. Chipatala chilichonse chadziwa chithunzi cha dera lonse popanda kutumiza lipoti kulikulu.

Masamu omwewa ndiwo amathandiza timakina toyeza nyengo kapena tindege topanda woyendetsa kugwirizana. Mu 2021 ofufuza a ku Bonn, Germany, pamodzi ndi kampani ya Hewlett Packard Enterprise, anawagwiritsa ntchito pa zaumoyo m'njira yomwe anaitcha swarm learning, yopanda kompyuta yapakati yokhazikika, ndipo anaphunzitsa makina kuzindikira khansa ya m'magazi, TB ndi Covid-19.

Koma bwererani ku chitsanzo chathu, muone chomwe chasowa. Nambala 40 ija yazimiririka. Ngati kutsegula m'mimbako ndi kolera, chofunika kwambiri si chiwerengero chapakati, koma kudziwa kuti pachipatala choyamba paja pali moto, atumizeko klorini ndi madiripi lero lomwe. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafika maboma onse, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa mliri wotere lipoti la mlangizi wa zaumoyo lotchula mudzi ndi tsiku silingalowedwe m'malo ndi masamu obisa komwe nkhani yachokera. Wina akadzakuuzani kuti luso latsopanoli lithetsa kufunika kwa malipoti a matenda opatsirana, dziwani kuti akusakaniza ntchito ziwiri zosiyana. Kuphunzitsa makina kuzindikira matenda ndi kwina, kuthamangira mliri ndi kwina.

Chinsinsi sichili chotsekeka monga amanenera

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti popeza mbiri sichoka pachipatala, ndiye kuti chinsinsi n'chotetezeka kotheratu. Si zoona. Mu 2019 ofufuza a ku MIT anaonetsa kuti nthawi zina munthu wochenjera angathe kuyang'ana manambala obwezedwa aja n'kumanganso chithunzi chomwe pulogalamu inaphunzirapo. Mapazi a munthu pamchenga amatha kuulula komwe wachokera.

Pali mankhwala ake awiri. Oyamba ndi kuphatikiza mobisa, ndipo amayi a banki m'khonde angawamvetse msanga. Tinene kuti amayi atatu akufuna kudziwa ngongole zawo zonse pamodzi, koma palibe akufuna kuulula yake. Woyamba ali ndi ngongole ya K30,000. Awonjezerapo nambala yachinsinsi yomwe akudziwa yekha, K45,000, n'kunong'oneza wachiwiri kuti K75,000. Wachiwiri awonjezera yake ya K50,000 n'kuuza wachitatu K125,000. Wachitatu awonjezera K20,000 n'kubweza K145,000 kwa woyamba, yemwe achotsa K45,000 yake ija n'kulengeza kuti gulu lonse lili ndi ngongole ya K100,000. Yankho ndi lolondola, ndipo palibe wamva ya mnzake. Komabe woyamba ndi wachitatu akapangana kuseri, angochotsera K75,000 pa K125,000 ndipo ya wachiwiri yaululika. Njira yomwe akatswiri a Google anafalitsa mu 2017 ndi yolimba kuposa pamenepa, koma mfundo yake ndi yomweyo: manambala achinsinsi amafafanizana pophatikiza, ndipo kompyuta yapakati imangoona zotsatira za onse.

Mankhwala achiwiri ndi kuthira dala phokoso pang'ono m'manambala asanatumizidwe, kuti zisadziwike ngati munthu wakutiwakuti anali m'gulumo. Mtengo wake ndi wakuti phokoso likachuluka, pulogalamu imayamba kulakwitsa. Wina ayenera kusankha kuti phokoso likhale lochuluka bwanji, ndipo kusankha kumeneko si kwa masamu okha. Pachipatala cha m'tauni cholandira anthu mazana patsiku, munthu mmodzi amabisika mosavuta. Pachipatala chakumudzi komwe wodwala matenda ena ake osowa ndi mmodzi yekha, aliyense amamudziwa, ndipo makina nawonso sangavutike.

Wamkulu amameza wamng'ono

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si akuba, koma kaphatikizidwe. M'njira yodziwika kwambiri, liwu la chipatala limalemera molingana ndi kuchuluka kwa odwala omwe chabweretsa. Chipatala cha zithunzi 900 chikati kabatani kaime pa 6, cha zithunzi 100 n'kuti kaime pa 2, yankho silikhala 4. Limakhala 5.6. Pamasamu izi n'zomveka. Koma tanthauzo lake ndi lakuti chipatala cha Malawi chikalowa mumgwirizano ndi zipatala zikuluzikulu za kunja, chikhoza kuthandiza nawo, n'kulandira pulogalamu yomwe ikudziwabe bwino odwala a kunjawo kuposa athu. M'dziko momwe muno, Blantyre ndi Lilongwe zikhoza kumeza Chitipa ndi Likoma. Akatswiri ali ndi njira zochepetsera izi, monga kulola chipatala chilichonse kumalizitsa pulogalamu pa odwala ake, koma zimachitika pokhapokha wina atazifuna pa nthawi yolemba mgwirizano.

Ndiye pali nkhani ya nsomba yowola. Chipatala chimodzi chikakhala ndi makina a X-ray owonongeka, kapena mafayilo olembedwa molakwika, kapena wina wofuna kuwononga dala, manambala ake amalowa mumphika wa onse. Ndipo popeza palibe yemwe amaloledwa kuona mbiri ya mnzake, kupeza gwero la vuto n'kovuta. Chinsinsi chomwe chimateteza wodwala chimatetezanso cholakwa.

Zina ndi zomwe mukuzidziwa kale. Njirayi imafuna kompyuta yamphamvu pachipatala chilichonse, magetsi osazimazima, netiweki yodalirika ndi munthu wodziwa kukonza zikavuta. Imafunanso kuti mbiri ikhale m'kompyuta ndipo ilembedwe mofanana paliponse. M'zipatala zathu zambiri zing'onozing'ono mbiri idakali m'mabuku akuluakulu a rejisitala ndi m'kabuku komwe mumasunga m'chikwama, kenaka chiwerengero cha pamwezi n'chomwe chimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti. Makina ambiri a m'zipinda za ma ARV akhala akuyenda ndi thandizo la dziko la America, ndipo thandizolo litaimitsidwa mwadzidzidzi mu Januwale 2025 zinaoneka poyera kuti maziko amenewa sali m'manja mwathu mokwanira. Pulogalamu singayende kukaphunzira pa chipatala chomwe kompyuta yake ndi yozima.

Ngakhale chitsanzo cha kiyibodi chija chili ndi phunziro. Foni yomwe imaphunzitsa nawo ndi yomwe imagona pa chaja ndi pa Wi-Fi. Foni yotchajitsa pa sitolo ya sola, yodalira bandulo ya tsiku limodzi, kawirikawiri siikwanitsa zimenezi. Eni mafoni otere, omwe ndi ambiri mwa ife, liwu lawo silimveka m'zomwe makinawo amaphunzira.

Pulogalamu ikatha, ndi ya ndani?

Tinene kuti zonse zayenda bwino. Mbiri yanu sinachoke pachipatala, palibe chinsinsi chaululika, ndipo pulogalamu yatuluka yanzeru. Nzeru zimenezo zachokera m'zifuwa ndi m'magazi a Amalawi. Kampani yomwe inayendetsa ntchitoyo ikatenga pulogalamuyo n'kudzatigulitsa pa madola chaka ndi chaka, tapindulanji? Federated learning imayankha funso la komwe mafayilo agone. Siyankha funso la mwini wake wa zomwe zaphunziridwa. Ndipo ndikuona kuti ikhoza kupangitsa kukolola nzeru kukhala kosavuta kuposa kale, chifukwa wokolola adzanena kuti sanatenge kanthu, mafayilo anu onse ali pomwe munawasiya.

Lamulo lathu loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika uthenga wa zaumoyo m'gulu la zinthu zofunika chisamaliro chapadera, ndipo limaika malire pa kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko. Koma manambala a timabatani aja si dzina la munthu, si chithunzi, si zotsatira za magazi. Kodi akawoloka malire, uthenga wa munthu wawoloka? Ili ndi funso lomwe MACRA, Unduna wa Zaumoyo ndi makomiti ovomereza kafukufuku ayenera kuliyankha mgwirizano woyamba usanafike patebulo, osati utasainidwa kale. Maganizo anga ndi akuti chipatala chilichonse cha boma cholowa mu ntchito yotere chiyenera kulembetsa zinthu zitatu m'pangano: kuti pulogalamu yomalizidwa idzagwiritsidwa ntchito kuno mwaulere kapena pamtengo wogwirizana, kuti idzayesedwa pa odwala athu ndipo zotsatira zidzalengezedwa poyera isanafike m'chipinda cha dokotala, komanso kuti akatswiri athu a ku KUHeS, MUBAS, MUST ndi kwina adzakhala nawo poyendetsa, osati pongoyatsa ndi kuzimitsa makina.

Inuyo panokha muli ndi gawo, ngakhale laling'ono. Mukapemphedwa kulowa m'kafukufuku kapena kusaina fomu yokhudza mbiri yanu, muli ndi ufulu wofunsa ngati mbiriyo ituluke pachipatalapo, ipita kwa ndani, ndiponso ngati mungathe kusintha maganizo pambuyo pake. Kukana kulowa m'kafukufuku sikuyenera kukulepheretsani kulandira chithandizo. Chenjeraninso ndi mapulogalamu a pafoni owerengera masiku a kumwezi, oyeza kuthamanga kwa magazi kapena ocheza nawo za matenda. Ambiri mwa amenewa sagwiritsa ntchito njira yomwe tafotokozayi. Zomwe mwalemba zimapita ku makompyuta a kampani monga zilili. Musanalembe za HIV, mimba kapena matenda a maganizo m'pulogalamu yotere, tsegulani pomwe alemba za privacy muone ngati akunena kuti uthenga umatsala m'foni kapena umatumizidwa. Ngati mumagwiritsa ntchito Gboard, lowani m'ma settings a kiyibodiyo, pagawo la privacy, mupeza pozimitsa kapena kuyatsa kuphunzira kumeneku komanso pofufutira mawu omwe kiyibodi yasunga.